Luso la Opopa Zimbudzi, Kuchokera ku Mchesi Kukafika ku Kauma

Ku Mchesi, mumzinda wa Lilongwe, malo ndi ochepa. Pa puloti imodzi pamakhala mdadada wa nyumba za lendi, mabanja angapo, koma chimbudzi chokumba chimodzi kuseri. Kumudzi chikadzadza amangochikwirira, kubzalapo nthochi, n'kukumba china pambali. Kuno pambalipo pali mpanda wa eni ake, bafa kapena chitsime. Dzenje lomwelo liyenera kuyambiranso ntchito, ndiye amaitanidwa opopa zimbudzi.

Anthu amaidziwa Mchesi chifukwa cha akalipentala, mipando ndi makama zondandalikidwa m'mbali mwa msewu. Luso limenelo munthu amaligwira ndi dzanja, n'kukambirana mtengo. La opopa silioneka, chifukwa akagwira bwino ntchito sipatsala choti munthu aloze. Koma mzinda wonse watsamira pa iwo. Kumapeto kwa 2017, pamene World Bank inkavomereza madola 100 miliyoni a ku America a ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe, mwa anthu 100 alionse a mumzindawu 5 okha ndiwo anali ndi zimbudzi zolumikizidwa ku mapaipi a suweji. Pafupifupi 25 ankadalira matanki apansi, ndipo 70 otsalawo ankadalira dzenje.

Wopopa wodziwa ntchito sayamba ndi pampu. Amayamba wazungulira kachimbudziko, kuyang'ana ming'alu pa simenti, kuponda dothi la m'mbali kuti amve ngati latitimira. Kenaka amafunsa: "Mayi, dzenjeli munamangira njerwa kapena ndi dothi lokha? Linakumbidwa liti? Nthawi ya dzinja madzi amakwera?" Mafunso amenewa si ongofuna kukweza mtengo. Dzenje losamangira nthawi zambiri limachirikizidwa ndi zomwe zili m'kati mwakemo. Ukalipopa mpaka pansi dothi litanyowa ndi mvula, makoma amagumuka, simenti ya pamwamba n'kutsatira. Choncho mmisiri amadziwa polekezera, ndipo amalimba mtima kuuza alandilodi kuti sachotsa zonse, ngakhale iwo akufuna kuti ndalama yawo ioneke.

Akatero amalowetsa nsungwi yaitali pabowo, pang'onopang'ono, kumvetsera ndi manja. Dzenje silikhala chimodzimodzi kuchokera pamwamba kufika pansi. Pamwamba pali zatsopano, zofewa, zimene tizilombo todalira mpweya wa okosijeni tikuziwoletsa mwachangu. Kungotsika pang'ono okosijeni amatha, ndipo ntchito imagwera tizilombo tina tosaufuna mpweyawo. Timeneti timadya mosafulumira, n'kumasandutsa zonyansazo kukhala madzi, asidi, kenaka mpweya wa methane ndi carbon dioxide. Madzi amalowerera m'nthaka, zotsala zimaphatikana. Pansi penipeni pamakhala zakale, zakuda, zolimba, zosanunkha kwambiri chifukwa chodya cha tizilombo chinatha kalekale. Nsungwi ikalowa mosavuta kenaka n'kuyamba kukana, wopopa wadziwa kale kuti pampu yake ifika pati, afuna madzi ochuluka bwanji, ndiponso migolo ingati.

Mphuno nayo ndi chida, koma chosadalirika, ndipo wodziwa amazindikira zimenezi. Fungo lolasa m'maso ndi amoniya wochokera ku mkodzo. Fungo la dzira lowola ndi hydrogen sulphide, mpweya wolemera kuposa umene timapuma, womwe umadikha pansi m'dzenje. Kuopsa kwake n'kwakuti ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pamene poizoniyo wafika pomugwetsa. Methane alibe fungo koma amayaka. N'chifukwa chake mmisiri amatsekula chitseko ndi bowo n'kudikira asanavundule, saloleza fodya pafupi, ndipo mnyamata wake akati alowemo atape ndi chidebe zimene pampu yalephera, amamukaniza: "Achimwene, m'menemo simulowa munthu." Ine ndimaona kuti kukaniza kumeneku ndiko chizindikiro choyamba chosiyanitsa katswiri ndi wongofuna ganyu.

Ntchito yotopetsa kwambiri imabwera pampu isanalowe. Chimbudzi cha m'tauni chimakhalanso dzala. Mumapezeka majumbo, matewera a ana, nsanza, mabotolo, zitsononkho, tsitsi loikirira. Zonsezi siziwola msanga, ndipo chimodzi chokha chikhoza kutseka pampu. Amaziwedza ndi ngowe yachitsulo, chimodzichimodzi, n'kuziika m'thumba pazokha. Kenaka amathira madzi n'kuvundula. Apa luso lake limafanana ndi la woumba njerwa poponda dothi: madzi akachepa silitheka, akachuluka waononga. Zonyansa zokhalitsa zili ndi khalidwe loti zikakhala chete zimalimba, zikavundulidwa zimafewa n'kuyamba kuyenda, choncho dzanja lovundula bwino limapulumutsa madzi. Ndowa iliyonse yowonjezera ndi katundu woti anyamule, ndiponso imafewetsa makoma a dzenje.

Galimoto yaikulu yathanki siingalowe m'tinjira ta pakati pa nyumba, ndipo mtengo wake mabanja ambiri sangaufike. Pa vuto lotereli padapangidwa pampu yamanja yotchedwa Gulper, imene Steve Sugden adaikonza ali ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, ndipo kuno kwathu bungwe la Water For People lidailimbikitsa pakati pa amalonda ang'onoang'ono ku Blantyre. Ndi paipi yoimirira yokhala ndi ndodo m'kati ndi timavalavu tiwiri totsekukira mbali imodzi. Ukakoka chogwirira zonyansa zimakwera, ukakankha sizibwerera, mpaka zitulukire pa kampopi ka m'mbali kugwera m'chidebe. Siifuna magetsi kapena mafuta, ndipo wowotcherera zitsulo aliyense angathe kuikonza. Siifika pansi pa dzenje lakuya, koma imachotsa munthu m'dzenjemo, chimene chili chachikulu. Woigwiritsa bwino sathamanga. Amapopa mwa kayendedwe kamodzi, kumvera kulemera kwa chogwirira, ndipo valavu ikagwira chinthu amaima asanathyole ndodo.

Pomaliza amatsuka pakhomo ndi madzi a klorini kapena kuwaza laimu, amene amachotsa asidi n'kukweza muyeso wotchedwa pH kufika pa 12, pomwe tizilombo tambiri sitingapirire. Amene adaona mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo Lilongwe idali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, sangaone kutsuka kumeneku ngati kongokongoletsa.

Alandilodi akalipira amaona ngati nkhani yatha, koma theka la ntchito likadali m'migolo. Ngalande ili pafupi, mtsinje uli pafupi, pamene Kauma, kokatayira zonyansazo, ndi ulendo wa mafuta. Kuti timvetse chimene wopopa wachilungamo amatipulumutsako, tiyenera kuwerenga okosijeni wa m'madzi. Lita imodzi ya madzi a mumtsinje imasunga okosijeni wochepa zedi, mamiligalamu 9 pa kutentha kwa madigiri 20, ndipo kuno kokwera ngati ku Lilongwe amachepera pamenepo, cha m'ma 8. Nsomba zimakhalira kachepako. Zonyansa zikalowa, tizilombo timazidya n'kumatha okosijeniyo. Akatswiri amayeza njala imeneyi posunga madzi m'botolo lotseka, mumdima, masiku 5 pa madigiri 20, n'kuona kuti okosijeni wachepa motani. Muyesowu umatchedwa BOD, ndipo udakhazikika ku Britain m'chaka cha 1912. Madzi a suweji wamba amafuna mamiligalamu 200 mpaka 400 pa lita, kutanthauza kuti lita imodzi ikhoza kutha okosijeni wa m'malita 25 mpaka 50 a mtsinje. Za m'dzenje zimaposa pamenepo kakhumi kapena kupitirira. Titati titenge 5,000 pa lita, mgolo umodzi wa malita 200 ungafune kilogalamu yathunthu ya okosijeni, yofanana ndi yense amene ali m'malita 125,000 a madzi abwino. Madzi otere amada, amanunkha, nsomba zimayandama. Pambuyo pake nitrogen ndi phosphorus zotsalira zimanenepetsa ndere ndi namasupuni. Mtsinje wa Lilongwe umakathira mu Linthipe, Linthipe m'nyanja ku Salima.

Dzenje losiyidwa losefukira nalo lili ndi njira yake yobisika. Amoniya akalowa m'dothi lokhala ndi mpweya amasanduka nitrate, amene sagwidwa ndi dothi, amangoyenda ndi madzi apansi kukafika m'chitsime. Alibe mtundu, alibe fungo, ndipo kuwiritsa madzi sikumuchotsa. Bungwe la WHO lidaika malire a mamiligalamu 50 pa lita, makamaka poteteza makanda, chifukwa nitrate amalepheretsa magazi awo kunyamula okosijeni.

Ku Kauma, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, kuli malo oyeretsera suweji amene adamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan n'kuyamba ntchito mu 1997, okonzedwa kulandira makyubiki mita 6,100 pa tsiku. Kulinso maiwe olandirira zimene opopa amabweretsa. Chimene chimandichititsa chidwi pa malowa n'chakuti ntchito yaikulu imagwiridwa ndi kuya kwa dziwe, dzuwa ndi nthawi. Madzi amayamba adutsa pa zitsulo zosefa zinyalala ndi pamalo podikhira mchenga, kenaka amayenda dziwe ndi dziwe.

Maiwe oyamba a mtundu umenewu amakhala akuya, mamita atatu kapena kuposa, dala kuti okosijeni asafike pansi. Zolemera zimadikha, ndipo tizilombo tomwe tija ta pansi pa dzenje la ku Mchesi timapitiriza ntchito yawo. Pa nyengo yotentha, m'masiku ochepa chabe BOD imatsika ndi theka kapena kuposa. Mu Juni ndi Julaye madzi akazizira timachita ulesi, matope n'kumaunjikana.

Maiwe achiwiri ndi otakasuka koma osaya, mita imodzi kapena awiri, ndipo madzi ake amabiriwira ndi ndere zosaoneka ndi maso imodziimodzi. Apa pali mgwirizano wokongola. Ndere zimatenga kuwala kwa dzuwa n'kutulutsa okosijeni. Mabakiteriya amagwiritsa ntchito okosijeniyo kudya zonyansa, n'kutulutsa carbon dioxide ndi amoniya, zomwe ndi chakudya cha ndere. Kumaiko ena okosijeni ameneyu amamupopera m'madzi ndi makina odya magetsi usana ndi usiku. Kuno dzuwa la mwezi wa Okutobala limapereka ulere, ndipo magetsi akazima dziwe silidziwa n'komwe. Duncan Mara wa ku yunivesite ya Leeds adatha zaka zambiri akuonetsa kuti kumaiko otentha, komwe malo alipo, njira imeneyi ndiyo yoyenera kuiganizira poyamba.

Maiwe otsiriza ndi ophera tizilombo ta matenda. Masana ndere zimamwa carbon dioxide mofulumira kuposa m'mene akubwerera, madzi n'kutaya asidi wake, pH n'kukwera kupitirira 9. Kuphatikiza ndi kuwala kolowa mpaka pansi ndi okosijeni wochuluka, mabakiteriya a m'matumbo amafa mwaunyinji. Mazira a njoka zam'mimba safa choncho, koma ndi olemera, amadikha m'matope.

Wosamala maiwe otere naye amawerenga ndi maso monga wopopa amawerengera ndi nsungwi. Dziwe lobiriwira kwambiri lili bwino. Likayamba kutuwa, lalemedwa, ndere zikufa. Likafiirira ndiye kuti sulphide wachuluka ndipo mabakiteriya ena alanda malo. Amadula udzu wa m'mbali kuti udzudzu usapeze mthunzi woikira mazira. Amawawula zoyandama pa dziwe la ndere kuti zisatchinge dzuwa, koma pa dziwe lakuya amazisiya chifukwa zimathandiza kutsekereza mpweya ndi fungo. Pofuna kudziwa kuchuluka kwa matope, amakulunga thaulo loyera kumtengo wautali, kuuimika mpaka pansi, n'kuutulutsa mosamala: pamene pakuda pathera ndi pamene matope afika. Akakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a dziwe, nthawi yochotsa yakwana. Amadziwanso kuti katundu wa opopa ndi wamphamvu kwambiri, amoniya wake angaphe ndere, choncho amamulandirira padera kuti adikhe kaye.

Matope ochotsedwawo amayanikidwa, ndipo olima madimba amawafuna chifukwa ali ndi nitrogen ndi phosphorus, zomwe feteleza wa m'sitolo amagulitsa modula. Apa mpofunika kuleza mtima komaliza. Dzira la njoka yam'mimba lili ndi chikopa cholimba, limatha kukhala lamoyo m'dothi lonyowa zaka zingapo. Malangizo a WHO a 2006 amati pa nyengo yotentha ngati yathu zonyansa zisungidwe kupitirira chaka zisanapite kumunda, kapena miyezi yoposa 6 ngati zasakanizidwa ndi laimu kapena phulusa lokwanira kusunga pH pamwamba pa 9. Mulu wouma pamwamba ukhoza kukhala wauwisi m'kati, choncho wosamala amautembenuza, amasiyanitsa milu malinga ndi nthawi imene inachotsedwa, ndipo wa ngolo akabwera kudzafuna manyowa a mpiru ndi tomato amamulozera mulu wa chaka chatha, watsopano n'kuusiya udikire chilimwe china.