Alonda a zipembere ku Majete

Pamene bungwe la African Parks linkayamba kusamalira nkhalango ya Majete ku Chikwawa mu 2003, zipembere ndi njovu zinali zitatheratu. Zipembere zinabwezedwa chaka chomwecho, njovu mu 2006, mikango mu 2012. Koma ine amene amandigometsa ndi alonda.

Mlendo wogona ku malo a alendo a Thawale m'nkhalangomo akamadzuka kukamwa tiyi, iwo amakhala atalowa kale m'tchire. Amawerenga nthaka: phazi la zala zitatu, ndowe zimene chipembere chamwaza ndi miyendo yakumbuyo, kanthambi kolumidwa mopendeka ngati kadulidwa ndi mpeni. Dzuwa la kuchigwa cha Shire likuswa mtengo, amalondola mwakachetechete mphepo ikuwomba kumaso kwawo, poti chipembere sichiona patali koma fungo sichiphonya. Akachipeza, amachizindikira ndi zizindikiro zodulidwa m'makutu.