Nyumbayo inaima pa nthaka ya yani?

Pa 7 Abril, tsiku la amayi a dziko lathu, gulu lina la acinyamata linacita sewero pa bwalo la sukulu ina kuno ku Angónia, kufupi ndi malire a Calómuè. Ndinapitako ndi makina ojambulira mawu, cifukwa anyamatawo anali atandipempha kuti seweroli ndikaliulutse pa wailesi. Mpaka lero sindinaliulutse. Andifunsa kawiri, ndipo kawiri konse ndawayankha kuti nthawi yacepa. Kumeneko kunali kuzemba, ndipo cifukwa ceniceni ndicilemba pano. Dzina la gululo sindilichula. Ndi ana athu, ndipo ena mwa iwo ali ndi luso loposa ambiri amene timawamva pa wailesi.

Nkhani yake inali iyi. Mwamuna ndi mkazi akhala limodzi zaka 12, ali ndi ana atatu ndi nyumba ya njerwa zoocha, ya malata. Mwamuna wapeza wina kumsika, ukwati watha. Abwera malume ake a mwamunayo, atamangirira pilo pamimba, ali ndi wogula wonyamula cikwama ca ndalama. Mphasa ndi mapoto aziponya panja. Mkazi athamangira kwa ankhoswe, awapeza ataledzera. Apita kwa amfumu, apeza kuti alandira kale nkhuku. Pomaliza atulukira woweruza wa jekete lakuda, awerenga pepala m'Cipwitikizi, nalamula kuti nyumba ndi malo ake zigulitsidwe, ndalama zigawidwe pakati. Malume amangidwa, onse avina.

Ndiyambe ndi cimene cinandigwira mtima. Usiku womaliza m'nyumbamo, mtsikana amene anasewera mkazi uja anagona cagada pa mphasa nayamba kuwerenga malata ndi cala. Awa asanu ndi a fodya wa caka cimene mwana woyamba anabadwa. Awa ndi a mbatata ya kacewere imene ankasenza kupita nayo ku Lizulu. Awa awiri a pakhonde anagula ndi ndalama zimene mlongo wake anatumiza ali ku Joni. Sanalire, sanaimbe, anangowerenga mpaka 32. Bwalo lonse linati zii, ngakhale ana ogulitsa zitumbuwa anasiya kuitanira. Amene analemba gawo limeneli anakulira m'nyumba yotere, ndipo amadziwa kuti kwathu kuno denga siligulidwa tsiku limodzi.

Koma malume a pilo aja atangolowa, mayi wina wacikulire amene anakhala pafupi nane anafunsa mnzake mokweza: “Kodi mudzi umenewu ndi wa kuti?” Anzake anaseka. Ine funso limeneli ndinapita nalo kunyumba.

M'midzi yambiri ya kuno, mwamuna ndiye mlendo. Amabwera kudzakhala cikamwini, amamanga pa malo amene akuluakulu a mbumba ya mkazi amuloza, amalima munda wa kucikazi. Ukwati ukatha, wonyamula katundu ndi iye. Malume a mwamuna amene angalowe m'mudzi wa eni n'kuyamba kuponya mapoto panja angatuluke akuthamanga. Sindikunena kuti kulanda katundu kulibe. Alipo akazi a citengwa, alipo mabanja acingoni olowola, alipo amasiye a m'tauni amene abale a mwamuna anawasesera ndi masupuni omwe maliro asanaiwalike. Anzathu a ku Malawi mu 2011 anacita kukhazikitsa lamulo la cuma ca masiye loti kulanda kotere ndi mlandu, ndipo lamulo silibadwa popanda nthenda. Cimene ndikudandaula n'cakuti sewero lonse, ola lathunthu, silinatiuze kuti nyumbayo inaima pa nthaka ya yani: ya mbumba ya mkazi, ya kwawo kwa mwamuna, kapena pa talhão ya ku Ulónguè. Imeneyi ndi milandu itatu yosiyana, ndipo munthu woipa wa mlandu umodzi akhoza kukhala wolira wa mlandu wina.

Pocita dala kusachula malo, anyamatawa anaphonya nkhani imene ikutidya ife a m'malire muno. Cikamwini cinapangidwira nyumba ya mitengo, dothi ndi udzu. Mkamwini ankaimanga m'cilimwe cimodzi. Ukwati ukatha ankatenga nkhwangwa yake ndi bulangeti, kubwerera kwa alongo ake kumene munda wake unali kumudikira. Cimene ankasiya cinali cakudya ca ciswe, cokagwa cokha pakapita mvula zingapo. Panalibe coti n'kulimbirana. Ngakhale titabwerako ku Dedza ndi ku Ntcheu nkhondo itatha mu 1992, tinayambiranso m'nyumba zomwezo za udzu. Kenaka kunabwera fodya, mbatata, soya ndi maulendo a ku Joni, ndipo tinayamba kuocha njerwa. Lero munthu amathira thukuta la zaka khumi pa nthaka imene si yake, m'nyumba imene idzaona zidzukulu. Mwambo ukunenabe kuti tenga bulangeti uzipita.

Zotsatira zake mukuziona nokha. Pali amuna amene amabisa ndalama za fodya n'kumamanga kwa alongo awo kapena m'tauni m'dzina lawo okha, mkazi ndi ana akugona pansi pa udzu wodontha. Ukawafunsa amati sangamangire mwamuna wina wodzabwera. Pali ena amene ukwati ukatha amabwera usiku ndi anzawo ndi hamala. Yendani pa njinga m'midzi yathu, muwerenge nyumba za njerwa zabwinobwino zimene zaima pululu opanda denga, mkati mutamera cisoso. Si mphepo yokha imene inacita zimenezo. M'nyumba zotere palibe amene anapambana: mkazi anatsala ndi zipupa, mwamuna anapita ndi malata obooka misomali, ana anakagona kwa agogo. Mnyamata amene anasewera mwamuna uja ali ndi nkhope yoti akanatha kutionetsa munthu woima pa makwerero usiku, akuzula denga limene ana ake agona pansi pake. M'malo mwake anamupatsa botolo ndi kuyenda kwa dzandidzandi kuti tiseke.

Tsopano za woweruza uja. Anthu anamuombera m'manja, ndipo apa m'pamene ndinaganiza zosaulutsa. Anthu a kumudzi amakhulupirira zimene amva pa wailesi. Ine ndakhala kuseri kwa maikolofoni nthawi yokwanira kudziwa kuti cimene wanena Laciwiri, Loweruka munthu amakacinena pa bwalo la milandu ngati lamulo.

Cigamulo cakecho sicingacitike m'dziko lino. Lei de Terras ya 1997 imanena poyera kuti nthaka ndi ya Boma ndipo sigulitsidwa, sipinyolitsidwa. Cimene munthu amakhala naco ndi ufulu wogwiritsa nchito malowo, umene timauchula kuti DUAT. Ufulu umenewu ana akhoza kuulandira kwa makolo, mwana wamkazi cimodzimodzi wamwamuna. Nyumba, mitengo ndi zina zimene wamanga kapena kubzala ukhoza kugulitsa. M'tauni, ukagulitsa nyumba ufulu wa malo umapita limodzi ndi nyumbayo. Kumudzi pamafunika cilolezo ca Boma ndi kalata ya kwa notário. Ndikudziwa kuti malo akugulitsidwa tsiku ndi tsiku, pa kapepala kong'amba m'kope, mboni ziwiri ndi kabotolo. Koma woweruza wa m'sewero lophunzitsa anthu sangalamule cinthu cimene lamulo limakana. Ndipo tisiye lamulo pambali: ndani angatulutse meticais ake kugula nyumba yoima pakati pa mbumba ya eni, khomo litayang'ana nkhokwe ya apongozi a munthu wina?

Za kugawana pakati, pamenepo anayandikira coona. Lei da Família imati ngati okwatirana sanapangane zina, cimene apeza ali m'banja ndi ca onse awiri, osayang'ana kuti ndalama inalowera m'thumba la yani. Cimene wina anabwera naco, kapena cimene anasiyiridwa ndi makolo ake, cimakhalabe cake. Ndiye kuti pa nyumba ya cikamwini, malo ndi a kucikazi, koma njerwa ndi malata ndi za awiri. Mfundo imeneyi ikanakwiyitsa theka la bwalo lija, ndipo n'cifukwa cake inayenera kunenedwa. Mutu umodzi susenza denga, timatero, ndipo denga ili analisenza anthu awiri. Sewero silinatiuzenso kuti ukwatiwo unali wotani. Ambiri a ife sitinapiteko ku Registo Civil. Lamulo limatiwerengera ngati união de facto, ndiye kuti mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi okhala limodzi monga banja. Lamulo la 2004 linkafuna caka cimodzi, la 2019 linakweza kufika zaka zitatu. Mtsikana wokhala ndi mwamuna zaka ziwiri, amene wayamba kale kuumba njerwa, ayenera kudziwa zimenezi. Ciganizo cimodzi m'kamwa mwa woweruza cikanakwanira.

Cimene cinandipweteka koposa ndi mmene anasewerera ankhoswe ndi amfumu. Inde, ankhoswe oledzera tili nawo, ndipo nkhuku zimalowa kwa mafumu ena madzulo. Koma sewero linasiya mkazi uja ndi mpulumutsi mmodzi yekha, pepala la Cipwitikizi limene iye sangawerenge, m'manja mwa munthu wa jekete amene sitinauzidwe kuti anamupeza bwanji, ulendo wake anaulipira ndani. Pamene lamulo la nthaka lomwelo limavomereza kuti munthu wopanda kalata akhoza kutsimikiza ufulu wake ndi umboni wa anthu a m'mudzi, amuna ndi akazi. Amene anaona mkaziyo akutunga madzi oumbira njerwa ndi anansi ake. Amene amadziwa caka cimene ukwati unayamba ndi ankhoswe aja. Ukaphunzitsa mkazi kuti onsewa ndi zidakwa ndi akuba, wamulanda mboni zake asanafike n'komwe ku tribunal comunitário.

Malume nawonso anawacepetsa. Malume wa kwathu ndi mwinimbumba, amene mwina analipira sukulu ya mwamunayo, amene mwambo unamuuza kuyambira ali mwana kuti cuma ca munthu cimabwerera kwa ana a mlongo wake. Lei das Sucessões ya 2019 inaika ana a womwalira pamodzi ndi mkazi kapena mwamuna wotsala patsogolo pa abale ena onse. Ine ndimagwirizana nalo lamulo limeneli. Koma munthu amene limamucotsa pa mzere nthawi zambiri alibe mimba ya pilo. Ndi nkhalamba yoonda imene ikukhulupirira ndi mtima wonse kuti ikuteteza mbumba. Woteroyo akanatuluka pa bwalo, amalume enieni amene anakhala pa mipando ya kutsogolo akanadziona. Wa pilo uja anamuseka limodzi nafe, namuloza ndi ndodo zawo.

Sabata yatha mtsogoleri wa gululi anabweranso. Ndinamuuza zonsezi, ndipo ndinamupempha kuti andilole kuulutsa gawo la kuwerenga malata lokha, kenaka nditsegule foni kuti akamwini, atengwa ndi eni mbumba aimbe, anene kuti malata 32 amenewo apite kuti. Anakhala cete kwa nthawi, kenaka anati sewero lopanda woweruza lilibe mathero, ndipo amene anawathandiza ndi zovala amafuna kuti anthu azibwerera kwawo atamva yankho. Ndinamufunsa kuti nyumba ya makolo ake inaima pa nthaka ya yani. Anaseka, nati ya amayi, ndipo bambo ake anacoka ali Sitandade 4 ku Dedza, atazula citseko ndi mawindo awiri. Anati akakambirana ndi anzake, abweranso Lacisanu.