Khutu la Payne ndi kambalame kakuda ka ku Zambezi

Mvula ikamalekeza, udzu utabereka njere, pansonga pa mtengo pamatera kambalame kakuda bii, kotalika masentimita 10 kapena 11, n'kumaimba dzuwa lonse pamalo amodzimodziwo. Asayansi amatiika timbalame timeneti m'gulu la Vidua, m'banja la Viduidae, ndipo pa Chingerezi amati indigobird. Poyang'ana ndi maso ungalumbire kuti tonse n'tamtundu umodzi. Akatswiri masiku ano amawerenga mitundu khumi mu Africa muno, ndipo yemwe anagwira ntchito yaikulu yoisiyanitsa ndi Robert B. Payne wa ku yunivesite ya Michigan.

Iye asanabwere, ntchitoyi inkachitikira m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Katswiri ankatsegula dilowa, kutulutsa zikopa zouma za mbalame, kuyeza phiko, n'kumapendeketsa nthenga pa kuwala kuti aone ngati zikunyezimira mobiriwira, mwabuluu kapena mwapepo. Tsoka lake, mtundu wa mlomo ndi wa miyendo umafwifwa mbalame ikafa, ndipo zazikazi zonse n'zotuwa, zamizeremizere, zovuta kuzilekanitsa. Wina ankagawa mayina, mnzake n'kudzawaphatikiza. M'chipwirikiti chimenechi munagwera kambalame konyezimira mobiriwira komwe Sheffield Neave anakalemba mu 1907 n'kukatcha codringtoni, polemekeza Robert Codrington, yemwe ankalamulira North-Eastern Rhodesia ali ku Fort Jameson, lero Chipata. Kwa zaka zambiri kankawerengedwa ngati nthambi chabe ya mtundu wina.

Mbalamezi sizimanga zisa. Yaikazi imaikira dzira lake loyera m'chisa cha timbalame ta banja la Estrildidae, ndipo mwanapiye akaswedwa, m'kamwa mwake mumakhala timadontho tofanana ndi ta ana a mwini chisa, choncho amadyetsedwa limodzi ndi anzake popanda kuthamangitsa aliyense. Mjeremani Jürgen Nicolai ndiye anaonetsa mu 1964 kuti yaimuna ikakula imaimba nyimbo za mbalame yomwe inailera. Payne anatenga mfundoyi n'kupita nayo kutchire, ndipo buku lake la 1973 linatuluka m'ntchito imeneyo.

Luso lili apa. Nyimbo ya indigobird ndi yosakaniza: pali kulongolola kwake kokhakhala, ndiye pakatipakati pamatuluka timaliu tofewa tobwereka. Kuti uzindikire tobwerekato, uyenera kudziwiratu pamtima kulira konse kwa mbalame zolera, kuyambira kuitanirana, kuchenjezana, mpaka kulira kwa ana popempha chakudya, pakuti yaimuna imatsanzira ngakhale kumeneko. Payne ankakhala pansi pa mtengo ndi makina ojambulira mawu, kenako n'kugwira mbalame yomweyo yomwe yaimbayo, kulemba mtundu wa mlomo ndi miyendo isanafwifwe, kuyeza phiko. Mawuwo ankawasandutsa zithunzi papepala kuti wokayika aliyense aziyerekeze yekha. Ku Lochinvar, m'dziko la Zambia, ankaveka mbalame timphete tamitundu kumiyendo n'kumazitsata chaka ndi chaka. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti sanataye dilowa lakale lija. Nyimbo payokha ikanakhala umboni wopepuka. Iye ankafuna nyimbo, nthenga ndi miyendo zivomerezane pa mbalame imodzi, kenako pa zinzake za kudera lina.

Zikavomerezana, chipwirikiti chija chinkayalika bwinobwino. Vidua chalybeata imaleredwa ndi Lagonosticta senegala, kambalame kofiira kaja kotolatola njere pabwalo. Vidua purpurascens imadalira Lagonosticta rhodopareia, pamene Vidua funerea imapita kwa Lagonosticta rubricata. Koma kobiriwira ka Neave, ka mlomo woyera ndi miyendo yofiira, sikankalowa bwino mumzerewu. Yankho linasindikizidwa mu 1992 m'magazini ya sayansi ya Ostrich, lolembedwa ndi Payne, mkazi wake Laura, ndi katswiri wa mbalame wa ku Malawi M.E.D. Nhlane: kambalameka kamatsanzira Hypargos niveoguttatus, yofiira pakhosi, yamadontho oyera m'nthiti, yokonda kubisala m'zitsamba zowirira. Mlezi wina, nyimbo ina, maonekedwe akeake; Vidua codringtoni inabwezeredwa ulemu wokhala mtundu pawokha.

Apa mapu anasanduka osavuta kuwamvetsa. Vidua codringtoni, yomwe pa Chingerezi amati Zambezi indigobird, imapezeka ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Tanzania, ndipo m'mayikowa simwazikana paliponse. Imatsata mlezi wake m'mphepete mwa nkhalango ndi m'zitsamba za m'mbali mwa mitsinje. Kumene kulibe Hypargos usatayeko nthawi.

Mmisiri wina akanalekera pomwepo. Payne anafunabe kudziwa ngati nyimboyo ili m'magazi kapena ndi yophunzira. Anaika mazira a Vidua chalybeata m'zisa za Bengalese finch, mbalame yoweta yochokera ku Asia yomwe makolo a indigobird sanakumanepo nayo. Amuna anakula akuimba nyimbo ya mlendoyo. Akazi anasankha amuna oimba choncho, ndipo poikira anafuna zisa za Bengalese finch. Mwana woleredwa kwina amayankhula chinenero cha kumene wakulira, koma apa chinenerocho chimasankhanso banja ndi nyumba yoberekera. Ndiye kuti yaikazi imodzi ikaikira m'chisa chachilendo, ana ake akapulumuka, mzere watsopano wayamba mu m'badwo umodzi wokha.

Mu 2003 Michael Sorenson, Kristina Sefc ndi Payne anasindikiza mu Nature zomwe anapeza atayeza DNA. Mitundu ya indigobird inapezeka yoyandikana kwambiri, yongopatukana posachedwapa, pamene mbalame zozilera zinasiyana kalekale. N'chifukwa chake ofufuza a lero, ngakhale ali ndi labotale yamakono, akafuna kutsimikiza dzina la yaimuna yomwe agwira amayambabe aijambula ikuimba.