Ngoma ya Angoni Ilibe Ng'oma

Tsiku lina ndinakaonerera ana a sukulu ina ya kufupi ndi Chitakale akuvina ngoma ya Angoni. Anavala zikopa ndi nthenga, ananyamula zishango ndi zibonga, ndipo anthu anakondwera ndithu. Koma pambali pa bwalo anyamata atatu analikuomba ng'oma monga aombera pa tchopa. Ine ndinabwerako wosakondwa, ndipo ndifuna kulongosola chifukwa chake kwa inu amene mudzaphunzitsa ana m'masukulu mwathu.

Liwu lakuti ingoma m'chinenero cha Azulu litanthauza nyimbo, si ng'oma yachikopa ayi. Angoni a Zwangendaba, amene anaoloka Zambezi m'chaka cha 1835, ndi Amandebele a Mzilikazi, amene anakhazikika ku dziko la Bulawayo cha m'ma 1840, anachokera kumodzi pothawa nkhondo za masiku a Shaka. Nyimbo zao zitsamira pa mawu a anthu ndi pa mapazi. Ku Mzimba mtsogoleri aponya mawu, onse navomera. Amuna aponda pansi ndi mphamvu, mangenjeza a m'miyendo nalira, akazi naomba m'manja. Amandebele nawo povina isitshikitsha adalira mawu ndi manja momwemo.

Tsono ng'oma zikalowapo ziononga zinthu ziwiri. Choyamba, mwana aleka kumvera phazi la mnzake natsata woomba ng'oma, kotero kugunda pamodzi kwa mapazi, kumene kuli mtima wa guleyu, kutayika. Chachiwiri, mawu amira m'phokoso. Ichi ndicho chachikulu, pakuti Chingoni chakale chatsala makamaka m'nyimbo ndi m'matamando a mafumu, ndipo Margaret Read anachita bwino kusindikiza zina mwa nyimbozi m'chaka cha 1937. Ana aja anaimba mawu osawadziwa, ndipo palibe anawafunsa tanthauzo lake.

Tchopa sindimunyoza konse. Ndi gule wolemekezeka wa Alomwe, amene bungwe la UNESCO linamzindikira m'chaka cha 2014, ndipo ng'oma ndiye mwini wake wa bwalo pamenepo. Koma tikasakaniza magule awiriwa, mwana wa ku Mulanje sadziwa la Mngoni, nasokoneza ndi la kwao lomwe.

Chifukwa chake, musanasonkhanitse nthenga ndi zikopa, funani mkulu wodziwa nyimbozo. Ana ayambe aphunzira mawu ndi tanthauzo lake ali chikhalire, pambuyo pake aimirire kuponda. Ng'oma zidikire tsiku la tchopa.