Zotero imasunga bwino, koma sidziwa kuti mwambi ndi miyambi n'chimodzi

Mwezi wathawu aphunzitsi amene amayang'anira kafukufuku wanga anandifunsa funso limene linandichititsa manyazi. "Mwalemba kuti palibe zambiri zolembedwa pa nkhani ya miyambi. Nanga pepala ndinakupatsani chaka chatha lija lili kuti?" Linali m'kompyuta mwanga momwemo. Posaka ndinalemba "mwambi", pomwe pepalalo ndinali nditaliika tag yoti "miyambi". Pulogalamuyo sinandinamize ayi. Inandipatsa zilembo zimene ndinapempha, basi.

Pulogalamu yake ndi Zotero, ndipo ndisanaidandaule ndiyambe ndaiyamikira. Inatuluka mu 2006 ku George Mason University ku America, ndipo ndi yaulere. Mukapeza pepala pa intaneti, imakopera dzina la mlembi, mutu, chaka ndi PDF yake nthawi imodzi. Pepala limodzi likhoza kukhala m'mafoda angapo popanda kulikopera kawiri. Imagwira ntchito ngakhale bandulo itatha, chifukwa zonse zimakhala m'kompyuta mwanu. Malo aulere osungira mafayilo pa intaneti ndi 300 MB okha, koma kwa wophunzira amene mapepala ake ali mbwee m'foda ya Downloads, ena dzina lake "document(7).pdf", uku n'kupuma ndithu.

Vuto limayamba tikafika pa chiyankhulo. Bokosi losakira limayang'ana mndandanda wa zilembo. M'Chingerezi zimenezi zimayenda, chifukwa mawu amasintha kumapeto: mukalemba "proverb" mupezanso "proverbs". Ife mawu athu amasintha kumayambiriro. Mwambi, miyambi, dzina, mayina, tsamba, masamba. Wina anena kuti, "Sakani ndi tsinde lokha." Zimathandiza nthawi zina: "yankhul" ikupatsani chiyankhulo, ziyankhulo ndi kayankhulidwe, ngakhale idzasiya amene analemba "chilankhulo". Koma yesani "ambi" muone. Miyambi ibwera, inde, koma pamodzi ndi "zambiri", Zambia ndi Mozambique.

Ndiye pali dzina la chiyankhulo chenichenicho. David Clement Scott mu 1892 anachitcha Mang'anja pa mutu wa dikishonale yake. Mark Hanna Watkins mu 1937 analemba A Grammar of Chichewa, ndipo amene ankamuuza mawu anali Kamuzu Banda ali wophunzira ku Chicago. Ku Malawi dzina linasinthidwa kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa mu 1968, pomwe ku Zambia amalemba Cinyanja kapena Nyanja. Joan Bresnan ndi Sam Mchombo mu 1987 analemba Chicheŵa, ndi ŵ wa kachipewa. Mayina onsewa ali m'laibulale imodzi, ndipo Zotero ilibe njira yodziwira kuti ndi a pa banja limodzi. Amene wasaka ndi dzina limodzi waona mbali imodzi yokha ya zimene ali nazo.

Chinandiseketsa kwambiri ndi mndandanda wa mabuku wa kumapeto. Masitayilo ngati Chicago ndi MLA amafuna kuti mawu akuluakulu a m'mutu wa Chingerezi ayambe ndi chilembo chachikulu. Mukasiya malo a Language opanda kanthu, Zotero imayesa kuti mutuwo ndi wa Chingerezi. Tiyerekeze mutu woti "Kalembedwe ka mayina a malo". Utuluka uli "Kalembedwe Ka Mayina a Malo". Taonani: "ka" wakwezedwa udindo, koma "a" wasiyidwa, chifukwa pulogalamu yamuona ngati "a" wa Chingerezi uja. Timawu tiwiri togwira ntchito imodzi, yolumikiza dzina ndi mwini wake, talandira chilango chosiyana. Mankhwala ake ndi apafupi: lembani "ny" m'malo a Language, chomwe ndi chizindikiro cha chiyankhulo chathu pa ISO 639-1, ndipo mutuwo usiyidwa momwe munaulembera.

Kodi tiimbe mlandu amene anapanga pulogalamuyi? Pang'ono pokha. Kutenga malo opanda kanthu ngati Chingerezi n'chisankho cha anthu, si chilengedwe, ndipo chimalemetsa ife amene timalemba ziyankhulo zina. Komanso luso lake lozindikira pepala palokha limadalira zinthu ngati DOI ndi mawu owerengeka ndi kompyuta. Buku lakale lojambulidwa pa sikana, kapena kafukufuku wa mnzanu amene munalandira pa WhatsApp, mudzalowetsa pamanja. Ndipo zolemba za m'Chichewa zambiri zili m'gulu lomweli.

Komabe mlandu waukulu unali wanga. Ndinkayembekezera kuti pulogalamu indiganizire za magulu a mayina, ntchito imene ndi yanga ngati wophunzira chiyankhulo. Tsopano ndinadziikira malamulo atatu. Tag iliyonse ya dzina ndimailemba mochulukitsa: miyambi, nthano, zining'a. Pepala lililonse lokhudza chiyankhulochi limalandira tag imodzi yoti "chichewa", kaya mlembi anachitcha chiyani, koma mutu wake sindiukhudza, chifukwa kalembedwe ka mlembi ndi umboni pakokha. Chachitatu, kachizindikiro ka mu "ng'" ndimakalemba mtundu umodzi nthawi zonse, popeza kowongoka ndi kopindika ndi zilembo ziwiri zosiyana kwa kompyuta. Mwamwayi, mukasintha dzina la tag kuti lifanane ndi inzake, Zotero imaziphatikiza, choncho kukonza zakale kunanditengera madzulo amodzi.

Ndiye ngati mukufunsa ngati muiike m'kompyuta mwanu, ikani. Koma musanalembe m'mutu woyamba wa kafukufuku wanu kuti "palibe amene analembapo", sakani kaye ndi dzina lina, kenaka ndi gulu lina la mayina. Ine pepala lija ndinalipeza, pamodzi ndi ena awiri amene ndinali nditawaiwaliratu.