Maso a pa mwala: luso la machona a ku Tengenenge

Pa nkhope yosemedwa pa mwala, malo oopsa kwambiri ndi diso. Mphuno ikachepa, mmisiri amasenda masaya kuti ziyenderane. Pakamwa pakapindika, oona amati chiboliboli chikumwetulira. Koma diso likabenthuka, thukuta lonse lapita pachabe, pakuti chimene chagwa pa mwala sichibwerera. A Fanizani Akuda, Mchewa wobadwira ku Zambia mu 1932, adaligonjetsa vutoli m'njira yawoyawo. Sankakumba diso. Ankasiya chikope chotukuka, chosalala, n'kuchilemba kamzere kamodzi kopingasa. Kamzereko kakaweramira pansi pang'ono, nkhope ikuseka; kakawongoka, munthuyo wagona kapena akulingalira. Moyo wonse wa chiboliboli udapachikidwa pa mzere wosafika kutalika kwa chala.

Kuti dzanja la Mchewa likafike pa mwala wa ku Zimbabwe, nkhani yake anthu a ku Ntcheu amaidziwa bwino, chifukwa ndi nkhani ya machona. Kuchokera m'midzi ya m'malire monga Lizulu, Biriwiri ndi Tsangano, anyamata ankadzera ku Tete, n'kuoloka Zambezi kupita ku Halale kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi m'migodi. Ena ankayenda wapansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ndi Mthandizi. Anzawo ochokera ku Chipata, ku Mangochi ndi ku Angonia ankapita komweko. A Fanizani adafikako mu 1949, ndipo asanagwire tchizulo adathyolapo thonje, adamangapo nyumba za njerwa, adalukapo madengu.

Imodzi mwa mafamuwo inali Tengenenge, pafupi ndi Guruve, ya mzungu wobadwira ku South Africa, Tom Blomefield. Boma la Ian Smith litadzilengeza lokha kuti ndi lodziimira mu November 1965, maiko adaletsa malonda ndi Rhodesia (Zimbabwe wa lero), fodya n'kusowa msika. Mu 1966 mmisiri wa Chishona, Crispen Chakanyuka, adaonetsa Blomefield kuti m'phiri la pa famuyo, lomwe ndi gawo la mtandadza wa Great Dyke, muli mwala wosemeka wotchedwa serpentine. Antchito a fodya adapatsidwa nyundo ndi tchizulo. Pakati pa oyamba panali Lemon Moses, Mchewa wa ku Malawi; Amali Malola, Myao wa ku Malawi; ndi Josiah Manzi, mwana wa makolo Achiyao ochokera kwathu kuno. A Fanizani adayamba ndi kukumba miyala ya anzawo, ndipo n'kutheka kuti ntchito yonyozekayo ndiyo idawaphunzitsa kwambiri, chifukwa wokumba amadziwa mwala usanatuluke m'nthaka.

Ntchito imayambira ku khutu. Mmisiri amagogoda mwala ndi nyundo, n'kumvetsera. Mwala wolimba wakuda umene kumeneko amautcha springstone ukakhala wathunthu umalira ngati chitsulo. Ukamveka mogonthera, ndiye kuti m'kati muli mng'alu umene udzaonekere tsiku loipa. Akauvomereza, amauzungulira, amaugudubuza, amauthira madzi kuti mitsempha yake ioneke. Amisiri ambiri a ku Tengenenge sankajambula kaye pa pepala. Mwala wokhala ndi linunda umapempha msana wa nyama kapena mayi wobereka mwana. Wautali wosongoka umapempha mbalame. Kukakamiza mwala kukhala chimene sufuna n'kudziitanira kusweka.

Kenako chimabwera chitsulo chosongoka, chogumula zibenthu zikuluzikulu. Apa mphamvu ndi yofunika, koma chofunika koposa ndi kapendekedwe ka chitsulocho: chikaloza m'kati mwa mwala, nkhonya imalowa n'kusiya bala loyera lomwe silifufutika ngakhale apukute bwanji, choncho mmisiri amachigoneka kuti chibenthu chiulukire kunja. Chotsatira ndi tchizulo ya mano, imene imasiya timizere totsatana, ndipo pambuyo pake tchizulo yaphwatalala ndi tupa. Pamene ntchito ikuyandikira khungu la chiboliboli, nyundo imacheperachepera, phokoso limazirala, mpaka chotsala ndi kukwecha kokha. Sandipepala amagwira ntchito ndi madzi, kuyambira wokhakhala kufikira wosalala, kwa maola ochuluka, nthawi zambiri mothandizana ndi a m'banja. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa siteji imeneyi wopupuluma amadziulula yekha, chifukwa kachikanda kamodzi kotsala kadzawala poyera phula likalowa.

Chomaliza ndi moto. Mpaka pano chiboliboli chimakhala chotuwa, chosasangalatsa. Amachiwamba pa moto kapena kuchiwotcha ndi nyali ya gasi kuti mwala utenthe, n'kuupaka phula loyera la polishi. Phulalo limasungunuka, limalowa m'timabowo ta mwala, ndipo ukazizira amaupukuta ndi nsalu mpaka kuda kwake, kapena kubiriwira kwake, kutatulukira. Moto ukapitirira, mwala umang'aluka pa ola lomaliza. Luso lenileni lili posankha malo oti asapake. Tsitsi, bulangeti kapena nthenga amazisiya ndi zipsera za tchizulo, zotuwa, kuti nkhope yakuda yonyezimira ituluke pakati pake. Mwala ndi umodzi, koma diso la woona limamva khungu ndi nsalu.

Mukayang'ana ntchito za a Fanizani mudzaona kuti palibe chiwalo chotayana ndi thupi. Mikono imakumbatira mimba, zala zimagona pa tsaya, ana amakanirira pa makolo, mitu yobulungira imagundana. Mmisiri ankadziwa kuti mkono wotambasuka ndi woyamba kuthyoka pa lole, ndiye chenjezo la mwala adalisandutsa uthenga: banja lake ndi lothinana chifukwa chikondi chake n'chothinana. Anthu awo oimba mluzu ali ndi milomo yosongoka ndi masaya odzadza mpweya, moti umayembekezera kumva phokoso. Josiah Manzi adatsata njira ina: mitu yaitali, makosi osololoka, munthu wosanduka mbalame kapena nyama monga zimachitikira m'nthano za kwa makolo ake. Mwa ena mumaoneka kukumbukira zilombo za gule wamkulu, amene machona sadamsiye kwawo koma ankavina m'makomboni a m'mafamu.

Osonkhanitsa ziboliboli zamakedzana amalidziwa bwino diso lotsinzina pang'ono ngati la a Fanizani lija, ngakhale amalidziwira kwina. Ku Gandhara, dera lomwe lero ndi kumpoto chakumadzulo kwa Pakistan ndi kum'mawa kwa Afghanistan, amisiri a zaka za m'ma 100 ndi 200 ankasema Buddha pa mwala wotuwa wa schist, zikope zili zolemera, maso oyang'ana pansi, mkanjo uli ndi makwinya ophunziridwa ku luso la Agiriki ndi Aroma. Mbiri ya moyo wake ankaigoba pa miyala yaphanthiphanthi yozungulira malo opembedzera. Buddha wosala kudya wa ku Lahore Museum, amene nthiti ndi mitsempha yake zimawerengeka, amaonetsa pomwe tchizulo ingafike. Koma zambiri mwa ntchitozi zidazulidwa pa makoma ake, mitu idadulidwa kuti inyamulike, ndipo lero zili ku London, ku Berlin ndi m'nyumba za olemera, popanda wodziwa dzina la mmisiri. Wogula amangoti "za ku Gandhara".

Ngozi yomweyo idayandikira machona athu. Frank McEwen, mkulu woyamba wa nyumba ya zaluso ya ku Salisbury (Halale) yomwe idatsegulidwa mu 1957, adathandiza kutchukitsa miyala ya dzikolo kunja, ndipo msika udaizolowera ndi dzina loti ziboliboli za Chishona. Dzinalo lidagulitsa, koma lidaphimba manja a Achewa, Ayao ndi ochokera ku Angola ndi Mozambique amene adaumba Tengenenge pamodzi ndi amisiri ena monga Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera. Mwayi ulipo ndi wakuti amisiriwa ankalemba maina awo m'munsi mwa mwala. Wosonkhanitsa wanzeru amatembenuza chiboliboli kuti awerenge dzinalo, koma sakhutira nalo, poti dzina limatha kubedwa. Amayendetsa chala pa chikope: wotsanzira amadula mzere wozama mofanana kuyambira kuno mpaka uko, pamene dzanja lozolowera limalowa mofewa, limazama pakati, limatuluka mopepuka.

A Fanizani adasamukira ku Chitungwiza nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu, ndipo adamwalira mu 2011. Tengenenge ikadalipo, ziboliboli zili mbwee pansi pa mitengo. Kwathu kuno, wofuna kuona kusema kosamalidwa pamodzi ndi mbiri yake amatsikira ku Mua, m'boma la Dedza loyandikana ndi Ntcheu, kumene bambo Claude Boucher Chisale adayambitsa Kungoni mu 1976. Kumeneko ndi mtengo, osati mwala, koma mwambo wolemekeza mmisiri ndi womwewo. Chotsalira n'chakuti maina a Lemon Moses, Amali Malola ndi Josiah Manzi alowe m'maphunziro a zaluso m'sukulu zathu, kuti mwana wa ku Ntcheu adziwe kuti opita ku Halale sadabwereko ndi njinga ndi wailesi zokha: ena adatsalira komweko akusema ntchito zimene dziko lapansi likulimbirana.