Kodi Uchinyama Ngwa Nyama?

Pa maulaliki athu, liwu loti "uchinyama" lakhala ngati mtanga wotayiramo zoipa zonse: dama, kuledzera, nkhanza ndi kupha. Ife tiyesa kuti liwuli, ngakhale likoma m'makutu, lisokeretsa akhristu, ndipo mbiri ya ku Chiradzulu itithandiza kuona chifukwa chake.

Anthu a kwa Kadewere saiŵala za John Chilembwe ndi mishoni yake ya ku Mbombwe. Usiku wa pa 23 Januwale 1915 anthu ake anapha William Jervis Livingstone ku Magomero, namdula mutu, ndipo m'maŵa mwake Chilembwe analalikira mutuwo uli pomwepo. Pa 26 Januwale anatentha mishoni yathu ya Nguludi, navulaza Bambo Swelsen. Ambiri akamva zimenezi afulumira kunena kuti ndi uchinyama. Komatu anthu omwewo anasiya amoyo akazi ndi ana a azungu ku Magomero, chinthu chimene chilombo cholusa sichikadasankha. Nanga thangata la pa minda ya A. L. Bruce, kumene anthu ankakwapulidwa ndi kumanidwa malipiro? Nanga boma limene linanyonga ndi kuwombera anthu, niliphulitsa tchalitchi cha ku Mbombwe? Zonsezi zinachitika ndi nzeru, cholembera ndi lamulo. Fisi sadziŵa zotere, akakhuta amagona.

Tomasi Woyera wa ku Aquino aphunzitsa kuti njala, mantha, mkwiyo ndi chilakolako, zimene tigaŵana ndi nyama, sizili zoipa mwa izo zokha. Tchimo libadwira mu ufulu wa munthu wodziŵa chimene achita. Tikalitcha uchinyama, tinamizira zolengedwa za Mulungu, ndipo wochimwa apeza pothaŵira pomati "thupi landigonjetsa".

Choopsa chachiŵiri nchachikulu: amene tamutcha chinyama, tamchotsa m'gulu la anthu, ndipo kumpha sikuŵaŵanso mtima. Ndi mmene khamu limatenthera wakuba pamsika.

Makolo anaona bwino pamene anati kali kokha nkanyama, tili aŵiri ntiŵanthu. Kwa iwo kanyama ndi kosoŵa mnzake, koyenera chifundo. Choncho wansembe m'nyumba yolapira asakane kuti wakupha ndi munthu. Amuuze kuti wachimwa chifukwa ndi munthu, ndipo pa chifukwa chomwecho angathe kutembenuka mtima.